Phiri Lokana Kufupika

Phiri la Bieggagaisi, kwathu kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, lili ndi mitu iwiri. Wakumpoto ndi mwala wakuda: sukula, suchepa, sulabadira nyengo. Wakumwera ndi ayezi yekhayekha wovala chipale chofewa pamwamba, ndipo uwu uli ndi khalidwe la munthu: m'miyezi yachisanu yamdima umanenepa, dzuwa likabwerera umaonda. Anthu amangoti Mwala ndi Ayezi. Chikhalire Ayezi ndiye anali wamtali, ndipo palibe ankalota kuti nkhaniyi ingadzakhale ndi mbali ina.

N'chifukwa chake Risten, ali mtsikana wa lilime lakuthwa, sanaone vuto kulumbirira phirilo.

Chaka chimenecho anthu atasonkhana kumsasa wa m'chilimwe kudzadula zizindikiro m'makutu mwa ana a mphalapala zawo zoweta, mnyamata wina dzina lake Heaika anafika kutenti ya makolo a Risten monga mwa mwambo: amalume ake patsogolo, iye pambuyo, ketulo m'manja. Kwathu kuno mnyamata wofuna banja satchula banja. Amangopempha kuti awiritse khofi pamoto wa kwawo kwa mtsikanayo, ndipo mtsikanayo akamwa, ndiye kuti wavomera. Koma Heaika anali ndi makutu aakulu omwe ankafiira akachita manyazi, ndipo tsiku limenelo anafiira ngati nyama yongosenda kumene. Risten anaphulika nacho chiseko.

"Khofi wanuyo," anatero mokweza, msasa wonse ukumva, "ndidzamwa tsiku limene Mwala udzapose Ayezi!"

Anthu anaseka kuposa mmene nthabwalayo inayenera, ndipo sanaiiwale.

Risten anakwatiwa ndi mwamuna wina, munthu wabwino wa makutu wamba. Anabereka ana atatu, anawalera, anaika mwamunayo m'manda, n'kutsala yekha. Heaika sanakwatire. Makutu ake anakhala momwemo, koma nkhope inakula n'kuwapeza, moti imvi zitayamba anali bambo wooneka bwino ndithu. Nthawi yachisanu ankabwera kudzamukonzera Risten njinga yamoto ya pachipale ikakana kulira. M'chilimwe ankasiya nsomba pakhomo. Ankakhala pansi n'kucheza za mphepo ndi za mimbulu, koma Risten akangogwira ketulo, Heaika ankaimirira n'kukumbukira kuti wasiya china chake pamoto kwawo.

Tsono Risten, tinene zoona, ankamufuna. Anazindikira mochedwa, monga munthu amazindikirira kuti chala chazizira chikayamba kale kuwawa. Koma mawu onenedwa wofunsira ali ndi ketulo m'manja sabwezedwa, makamaka ngati unawanena pagulu, ndiponso ngati uli ndi mchimwene wamoyo woti azikukumbutsa. Panatsala njira imodzi yokha: phiri lifupike.

Ndipo phirilo linayamba kumvera. Chilimwe chilichonse chinkatentha kuposa chinzake. Mtsinje wa ayezi wotsika kuchokera kumutu wakumwera unabweza lilime lake kumtunda, n'kusiya miyala yamatope pamene makolo ankaolotsera ziweto. Zigamba za chipale zomwe mphalapala zimathawirapo udzudzu zinachepa. Anthu ankadandaula, ndipo Risten ankadandaula nawo ndi mtima wonse, pakuti ziweto zake zinkavutika ngati za wina aliyense. Koma akamaliza kudandaulako ankatsinzina diso limodzi n'kuyeza mitu iwiri ija ndi chala chachikulu.

Oyeza enieni ankabwera kumapeto kwa chilimwe, Ayezi akaonda kotheratu. Anali anthu a ku yunivesite, onyamula kandodo kachitsulo kolankhulana ndi zakumwamba. Chaka china ananena kuti Ayezi watsala ndi mkono umodzi wokha kuti aposedwe. Lemet, mchimwene wake wa Risten, anayenda ulendo wonse kuchokera kwake kudzangonena mawu atatu: "Chemwali, tsukani chikho."

Risten anamuthamangitsa ndi chikuni, kenaka anatsuka chikho.

Chaka chotsatira oyeza anati Ayezi akadali pamwamba, ndi chikhatho chimodzi. Chaka chinacho, chikhatho chimodzi. Chinanso, chotentha moti ana ankasamba m'nyanja ya m'munsi mwa phiri osakuwa, chikhatho chomwecho.

Apa m'pamene Risten anayamba kusowa mtendere. Lilime la ayezi linkathawirabe kumtunda. Mitsinje inkadzaza madzi oyera ngati mkaka, chizindikiro choti kumwambako kukusungunuka. Nanga thupi lingamaonde bwanji mutu wokha osaonda? Anaganiza za mphepo, kuti mwina imakokolera chipale pamwamba penipenipo. Koma mphepo yodziwa kuwerenga chikhatho chimodzi chaka ndi chaka anali asanaimvepo. Anaganiza kuti oyezawo ndi aulesi, amangobwereza zakale. Koma anali atawaona akutsika, milomo itang'ambika, ndipo waulesi safika kumeneko. Yankho sanalipeze. Chimene anamvetsa n'chakuti chikhatho si phiri. Chikhatho ndi ntchito ya fosholo.

Lemet ndiye anabweretsa uthenga, ali kumsasa, akutafuna nyama youmika yomwe sanapatsidwe.

"Anzanu aja afika kumunsi. Akuti mawa akwera."

"Anzanga ake ati?"

"Oyeza ukwati wanu aja."

"Achimwene, nyamayo mwaipempha kwa ndani?"

"Ndikungonena. Ketulo ya a Heaika yachita dzimbiri ndi kudikira. Ikadzabooka pansi musadzati sindinakuuzeni."

M'mawa mwake, Lemet akutuluka mutenti yake, anaona mlongo wake atabereka chikwama, chingwe paphewa, fosholo m'manja. Oyeza anali atasintha ulendo wawo kuti akwere tsiku linalo, poopa mitambo, ndipo Risten anaona kuti mwayi wotere subwera kawiri.

"Kuti uko, chemwali?"

"Mphalapala yanga yamathothomathotho sikuoneka."

"Ndiye mukaifune ndi fosholo?"

"Mwina yakwiririka."

"Kumapeto kwa Ogasiti, chipale chitasungunuka kale?"

"Inu samalani zanu."

Anakwera. Timitengo tofika m'chiuno tinatha, n'kutsala tizitsamba ta zipatso zakuda. Tizitsambato tinatha, n'kutsala ndere pamiyala. Ndere nazo zinatopa, n'kutsala miyala yokhayokha, yosakhazikika, yolira pansi pa phazi ngati mbale. Udzudzu unamuperekeza mpaka pamene mphepo inayambira, n'kubwerera. Mawondo ake anali ndi zonena zambiri, koma Risten analera ana atatu, ndipo ankadziwa kumva dandaulo osaliyankha.

Pamphepete pa ayezi anakhala pansi n'kumanga mano achitsulo kunsapato. Kumapeto kwa chilimwe ayezi sabisa kanthu: chipale chapamwamba chimakhala chitachoka, ming'alu yonse ili yasa, yabuluu mkati, madzi akung'ung'udza pansi penipeni. Anailambalala imodziimodzi. Dzuwa linkamuotcha tsaya lamanzere pamene lamanja linkachita dzanzi ndi mphepo. Kumadzulo, kumene kuli nyanja yaikulu ngakhale sioneka, mitambo inali itaunjikana ngati nkhosa zodikira kuti wina atsegule khola.

Atayandikira pamwamba anaona chinthu chosayenera kukhalapo. M'kachigwa ka mbali yosafika dzuwa, mmene chipale chakale chimabisala, munali dzenje lokumbidwa bwino, la makona. Kuchokera padzenjepo mizere iwiri inkakwera kulunjika pansonga, ngati munthu wakhala akukoka chinthu, kutsika, n'kukokanso. Risten anatsata mizereyo.

Pansonga pa Ayezi panali munthu. Anali atapereka msana, akukhuthula chipale kuchokera pachileyi cha pulasitiki, n'kumachiunjika pamulu wofika m'mawondo. Akakhuthula ankatsendera ndi fosholo, kusalaza m'mbali mosamala ngati mayi wozira nyumba, kenaka kuwaza timadzi kuti paundane n'kulimba. Nkhope sinkaoneka. Koma kunsi kwa chipewa kunatulukira makutu awiri omwe Risten akanawazindikira ngakhale pakati pa chifunga.

"A Heaika!"

Fosholo inagwa. Heaika anatembenuka pang'onopang'ono, ngati galu wopezeka m'nkhokwe ya nyama.

"A Risten. Mwadzuka bwanji?"

"Musandifunse kudzuka. Mukutani?"

"Ndikungo... pano panali poterera."

"Poterera. Pamwamba pa phiri. Ndiye mwati muthirepo chipale kuti mitambo isagwe?"

Heaika anayang'ana mulu wake, ngati kuti mwina ungamuyankhire. 

"Chaka chachingati chino?" anafunsa Risten.

"Chachinayi."

"Chikhatho chija ndi inu?"

"Ndimayesetsa kuti chisapose pamenepo. Ndikachulutsa angadabwe."

Risten anakhala pachikwama chake. Zaka zonsezi anakayikira mphepo, anakayikira anthu ophunzira, osadziwa kuti mdani wake ndi yemwe uja ankamusiyira nsomba pakhomo.

"Ndiye kuti simukufuna," anatero, mawu atachepa. "Mukanangonena. Panalibe chifukwa chothyolera msana pano."

"Ine? Ayi, mayi, si zimenezo!" Heaika anavula chipewa, mphepo inamumenya, anachivalanso. "Taganizani. Munanena anthu onse akumva. Mwala ukangoposa, mudzi wonse ubwera pakhomo panu, a Lemet patsogolo akuimba. Ndipo inu, mmene ndikukudziwirani ine, mudzamwa khofiyo chifukwa cha mawu anu, ngakhale mtima uli kwina. Mudzamwa ngati mankhwala. Ine khofi wanga kuti munthu amwe atatsina mphuno, ayi. Ndiye ndinati, phirili likufuna kumuchititsa manyazi mayi uyu, koma ine ndikadali ndi manja."

Risten anayang'ana pansi, pafosholo yake.

Apa m'pamene Heaika anaona fosholo yachiwiri ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali, ndipo nkhope yake inachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: inagwa, komanso inathokoza.

"Ooo," anatero mofatsa. "Nanunso munaganiza zomwezo. Mukanandiuza, bwenzi tikubwera limodzi, ntchito ikanapepuka. Chabwino. Mbali iyi ndi imene ikufunika kuwonjezera."

Risten anaimirira. Anapita pamulu paja, anabaya fosholo mpaka kukhosi, ananyamula chipale chodzaza, n'kuchiponya kuphompho.

"Mayi, mukugumula!"

Anabayanso. Anaponyanso.

"A Risten, pamenepo ndathera m'mawa wonse!"

"Ndikudziwa chimene ndikuchita, nkhalamba inu. Mumayesa ndakwera phiri lonseli ndi mawondo awa kudzakuthandizani kumanga? Chikho ndinatsuka kalekale, mpaka chayamba kutha ndi kutsuka!"

 Kenaka makutu a Heaika anayamba kufiira, kuyambira kunsonga kutsika mmunsi, ndipo sikunali kuzizira.

"Ndiye kuti..."

"Ndiye kuti tolani fosholo yanuyo. Munaunjika ndinu, muchotsa ndinu."

Sipanaonekepo munthu wogumula ntchito yake mokondwa chotero. Chipale cha tsikulo chinapita choyamba. Pansi pake panali chotsalira cha chaka chatha, cholimba, chokhala ndi mizere ya fosholo, ndipo Risten ankachitchula dzina akamachiponya: "Ichi ndi Khirisimasi ija ndinadya ndekha!" Heaika ankaseka mpaka kutsokomola. Pomaliza fosholo inalira ngwee, itagunda ayezi weniweni, wotuwa, wakalekale, yemwe sanaikidwe ndi munthu.

"Basi," anatero Heaika. "Apa ndiye phiri lenileni. Tikapitirira apa ndiye kuba."

"Taonani amene akunena za kuba!"

Anatembenukira kumpoto. Mwala unali uko, kutsidya kwa kamsana kopyapyala, pafupi moti munthu atafuula angamveke. Unkaoneka wamtali. Koma ukakhala pamwamba pa phiri, phiri linzake nthawi zonse limaoneka lalitali, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezi.

"Tidikire oyeza," anatero Heaika.

"Ndadikira zokwanira. Muli ndi madzi?"

Risten anatulutsa chikho chake chamtengo, anachikhazika pa ayezi pamalo okwera kwambiri, n'kuchidzaza mpaka madzi anafika ndendende mozungulira mlomo wonse. Madzi sanama, amagona mofanana kulikonse. Ukaika diso pamlomo wa chikho n'kuyang'ana modutsa pamwamba pa madziwo, chilichonse chotulukira pamwamba pake n'chachitali kuposa pamene chikho chakhala. Anagona chafufumimba, tsaya pa ayezi, diso limodzi chitsinzinire.

"Watulukira," anatero. "Mwala watulukira."

Heaika anagona pambali pake, mafupa akulira. Anayang'ana, anapukuta diso, anayang'ananso.

"Ine ndikuona ngati madziwo akugwedezeka."

"Lekani kupumirapo."

"Ndiye ndikuona ngati pali kakuda pamwamba. Koma mwina ndi nsidze yanga."

"Nsidze zanu ndi zoyera, bambo. Kakudako ndi Mwala."

Heaika analingalira mfundo imeneyi ndipo sanaipezere cholakwa. Anadzuka, anasasa mawondo, n'kupita pachikwama chake. Munali kachitofu ka gasi, thumba la khofi, ndi ketulo yakuda yopindika mbali imodzi. Anaigwira ndi manja awiri n'kuima patsogolo pa Risten.

"Amalume anamwalira," anatero. "Ndilibe wondilankhulira."

"Lankhulani nokha. Mano mukadali nawo."

"Komanso moto uyenera kukhala wa kwanu."

"Machesi ndi anga. Nawa."

 "Kodi... ndingawiritse khofi pano?"

"Wiritsani."

Anaphwanya tizidutswa ta ayezi n'kuponya m'ketulo. Onse awiri anagwada mozinga kachitofuko kuti mphepo isazimitse moto. Ndipo ali chigwadire choncho, kuwala kunasintha. Mitambo ya kumadzulo ija inali itapeza khomo. Mwala unazimiririka ngati wina waufufuta, ndipo kanthu koyera kanatera padzanja la Risten. Kenaka kena. Kenaka tambirimbiri, tikuluntikulu, tosasungunuka.

Risten anayang'ana pansi. Ayezi wotuwa uja anali atayamba kale kuyera.

"A Heaika, fulumirani! Phiri likukula!"

"Madzi sanawire!"

"Onjezani moto!"

"Wafika pomaliza. Khofi safuna phuma, mayi, amayenera awire, akhale pansi, kenaka..."

"Zaka zonsezi anakhala pansi! Thirani!"

Ketulo itangoyamba kulira, Heaika anathira khofi dzanja lodzaza, ndipo asanawerenge n'komwe mpaka zitatu Risten anali atataya madzi a m'chikho n'kuchitchera. Khofiyo anali woopsa: wopyapyala, wodzaza masese oyandama, wotentha ngati chitsulo chosungunuka. Risten anapalasa chipale pamene anaima ndi phazi, kuti pasakhale wodzanena kuti anamwera paphiri lonenepa, ndipo anagugudiza.

Anakuwa. Misozi inatuluka. Anatola chipale n'kudzaza m'kamwa.

"Mwapsa?" anafunsa Heaika, ali ndi mantha.

"Ndamwa," anayankha Risten movutikira, akuseka ndi kulira pamodzi. "Khofi woipa chonchi sindinamwepo. Thiraninso."

Anatsika atamangana chingwe, Heaika patsogolo chifukwa njirayo ankaidziwa bwino kuposa munthu aliyense wosalakwa. Chifunga chinawazinga mpaka pamiyala, ndipo anakangana njira yonse za nyumba imene adzakhalemo. Pofika patimitengo paja chipale chinali chitasanduka mvula, ndipo atafika kumsasa dzuwa linali likuwalanso ngati silikudziwa kanthu.

Tsiku linalo kunacha bwino, mitu yonse iwiri itayera mbee, ndipo oyeza anakwera. Madzulo Lemet anabwera chothamanga, nkhani ikumuyabwa.

"Pepani chemwali, pepani ndithu! Akuti Ayezi akadali pamwamba. Zala ziwiri zokha, koma pamwamba. Chipale chadzulo chija chakulandani mwamuna. Chikho chija muzingosungiramo mabatani..."

Anaima pakhomo la tenti. Pamoto wa mlongo wake panali ketulo yakuda yopindika, ndipo woisonkhezera anali Heaika, atavula nsapato ngati munthu wa pakhomo.

"Iii! Nanga izi? Chemwali, mwabweza mawu? Inu?"

"Sindinabweze kanthu. Dzulo masana Mwala unaposa Ayezi, ndipo ndinamwa. Ndinati tsiku limene udzapose. Sindinati udzakhale choncho mpaka muyaya."

"Anayeza ndani?"

"Ine."

"Mboni?"

"Ndi awa."

"Awa ndi mwini khofi, sangakhale mboni! Mlamu... aa, a Heaika, mwaona mwandisokoneza kale. Ayi, chemwali, ine popanda umboni sindivomera."

Risten anaika chikho pansi, anayandikira mchimwene wakeyo, n'kutulutsa lilime lonse. Linali lofiira, lotupa, khungu litasupuka mpaka pakati.

Lemet analiyang'anitsitsa ngati munthu wogula chiweto.

"Lapsadi," anatero. Anakhala pansi n'kutambasula miyendo. "Alamu, thirani kuno. Ndipo mufulumire ukwatiwo lilimelo lisanapole, chifukwa likangopola mudzalimva."